Kapangidwe ka Ndege ya Balsa Youluka Yokha Kuno ku Chigwa cha Shire

Ndege imene ndikukamba pano ilibe wailesi yoiwongolera. Mukailiza injini n'kuiponya m'mwamba, mbali yanu yatha: imakwera kwa masekondi 15 kapena 20, injini n'kuzima, kenaka imayandama mozungulira ngati mphamba mpaka itatera. Ndege zotere zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1930, makamaka Maxwell Bassett atapambana mipikisano ya dziko lonse la America mu 1933 pogwiritsa ntchito kainjini ka petulo kopangidwa ndi Bill Brown wa ku Philadelphia. Bungwe la Society of Antique Modelers limasungabe mwambowu, ndipo pachiyambi linkatenga ndege zojambulidwa chisanafike chaka cha 1943 kukhala zachikale zenizeni.

Yambani ndi pulani yojambulidwa pa msinkhu weniweni wa ndegeyo. Ndege yotchedwa Zipper, imene Carl Goldberg anatulutsa mu 1939 ndipo mapiko ake ndi otalika masentimita 137, ndi yotchuka kwambiri, koma imakwera mwaukali, choncho woyamba kumene asankhe ndege ya thunthu la ngodya zinayi ndi phiko lokhala pamwamba, chifukwa imauluka mofatsa ndipo imapirira zolakwika zing'onozing'ono. Balsa ndi mtengo wopepuka zedi umene wambiri umachokera ku Ecuador, ndipo kuno muyenera kuuitanitsa kunja. Ukafika, patulani timitengo tolimba kuti tikhale mitanda ya phiko ndi ngodya za thunthu, pamene topepuka tipite kumchira, pakuti kulemera pang'ono kumchira kumafuna chitsulo chochuluka kumphuno kuti ndege ikhazikike. Musausunge pansi kapena moyedzamira khoma, chiswe chingakuyambireni ntchito.

Pezani thabwa losalala lopanda kupindika ngakhale pang'ono, yalanipo pulani, ndipo muiphimbe ndi pulasitiki wopyapyala kuti guluu asamatirire pepala. Pangani mbali imodzi ya thunthu pamwamba pa chojambulacho, mukukhoma mapini m'mbali mwa timitengo osati kutiboola. Ikauma, yalani pulasitiki wina ndi kupanga mbali yachiwiri pamwamba pa yoyambayo kuti zifanane ndendende, kenaka muzilumikize ndi timitanda. Guluu woyera wa akalipentala ndi wokwanira, koma kutentha kwa ku Nchalo kapena ku Ngabu m'mwezi wa Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40, kumamuumitsa asanalowe m'mtengo, kotero gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Pokhala injini pafunika pulayiwudi, ndipo miyendo ikhale ya waya wolimba wobwerera akapindika. Pa ndege yaing'ono masipoko a njinga amathandiza.

Phiko ndilo lifuna kudekha kwenikweni. Dulani nthiti zonse ndi lezala yakuthwa motsatira chikombole chimodzi, muzisanjikize pamodzi ndi kuzipala ndi sandipepa mpaka zikhale ngati zobadwa tsiku limodzi. Nsonga za mapiko ziyenera kukwezeka monga momwe pulani yanenera, popeza kukwezeka kumeneko ndiko kumaibweza ndege ikapendekera mbali imodzi, ndipo m'mwambamo mulibe wina woibweza. Kutani mafupawo ndi silika kapena pepala lopyapyala la ndege, wazani madzi pang'ono kuti likungike, kenaka pakani mankhwala otchedwa dope, osungunula bwino, kawiri kapena katatu. Nthawi yonse imene phiko likuuma likhale lokhomeredwa pathabwa. M'nyengo ya dzinja, chinyezi chochokera m'madambo chikachuluka, dope amayera ngati phulusa, ndiye dikirani tsiku louma. Ndege yomalizidwa musaisiye m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata a denga, chifukwa phiko limapotoka m'maola ochepa, ndipo phiko lopotoka limaigwetsa ndege chamutu injini ikulira.

Injini zakale monga Brown Junior ndi Ohlsson zimayaka ngati ya njinga yamoto: zili ndi pulagi, koilo, kondensa ndi mabatire, ndipo zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo wokhuthala, magawo atatu a petulo ku gawo limodzi la oyilo. Pulagi yonyeka yokha, yosafuna koilo, inabwera mu 1947 kudzera mwa Ray Arden, ndipo injini yotere ndi yosavuta kupeza masiku ano, ngakhale mafuta ake ndi ena ndipo amasungunula dope wa mtundu wa nitrate. Iyeseni injini pa benchi kufikira mutaizolowera musanaimange pa ndege. Poimanga, iloze pansi pang'ono ndiponso kumanja pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, kuti ithane ndi mphamvu ya pulopela yopotozera ndege kumanzere. Mabatire ndi koilo muwasunthe kutsogolo kapena kumbuyo mpaka ndege itakhazikika pa zala ziwiri pamalo amene pulani yasonyeza.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse kwa ife a kuchigwa. Dothi lathu likatentha, mpweya umakwera mwamphamvu, ndipo aliyense amene anaonapo kamvuluvulu akunyamula mapesi m'munda wa thonje akudziwa zimenezi. Ndege yopepuka ikalowa mumpweya wotere siitsikanso. Ingakagwere pakati pa nzimbe, m'nkhalango ya Lengwe, m'dambo la Elephant Marsh momwe muli ng'ona ndi mvuu, kapena, ngati muli cha ku Nsanje, kutsidya kwa Shire ku Mozambique. Motero zipangizo ziwiri zisasowe. Choyamba ndi kawotchi kodula moto wa injini nthawi ikakwana. Chachiwiri ndi njira yotsitsira ndege: chipsepse chakumchira chimamangidwa ndi timphira mwakuti pakatha mphindi ziwiri kumbuyo kwake kumadzuka pafupifupi madigiri 45, ndege n'kuleka kuyandama n'kumatsika pang'onopang'ono chafufumimba. Akale ankagwiritsa ntchito chingwe chonyeka chimene chimaotcha kamphira, koma ine sindikulimbikitsa zimenezo kuno, kumene udzu wa m'chilimwe umayaka ndi kambaliwali kamodzi ndipo mudzi ndi munda zili moyandikana. Gwiritsani ntchito kawotchi, ndipo lembani dzina ndi nambala yanu ya foni pathunthu.

Kuyesa koyamba kuchitike mbandakucha mphepo isanadzuke, osati m'masiku a mwera, pabwalo lotakasuka la udzu wofewa mutapempha chilolezo kwa amfumu kapena eni malo. Injini ili chete, iponyeni ndege mofatsa molozetsa pansi pang'ono. Ikadzutsa mphuno n'kugwa, ikani kachidutswa ka balsa kosakwana milimita imodzi pansi pa kutsogolo kwa chipsepse chakumchira, ndipo ikathamangira pansi, kaikeni pansi pa kumbuyo kwa chipsepsecho. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Ikayamba kuyandama bwino, ilizeni injini pa mphamvu yochepa kwa masekondi asanu okha, ana amene adzakhamukira pamalopo ataima kumbuyo kwanu kutali ndi pulopela, ndipo muziwonjezera masekondi awiriawiri pokhapokha mutaona kuti ikukwera mozungulira popanda kupendekera pansi.