Makobidi a njovu atatsukidwa ndi phulusa: mmene ndinawabwezera mtundu

Bambo anga anandisiyira kachitini ka fodya kodzaza ndalama zachitsulo. Munali makobidi a chibowo a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja a njovu ziwiri omwe anayamba kutuluka mu 1955 Chipata akadali kutchedwa Fort Jameson. Munalinso masheleni a 1964, ndi mangwee oyambirira a 1968 okhala ndi nkhope ya a Kaunda. Tsiku lina ndikuchokera ku msika wa Kapata ndinapeza mwana wa achemwali anga ali pakhonde, phulusa pambale, ndimu yodula pakati, ndi kawaya kotsukira mapoto. "Amalume, taonani, ndazitsuka zonse!" Makobidi omwe anali oderako ngati tiyi wopanda mkaka anali atasanduka otuwa mofiirira, ngati chipsera cha moto. Sindinamukalipire. Kwathu kuno chinthu chosawala timachiyesa litsiro.

Koma mtundu woderawo si litsiro. Ndi kakhungu kamene mkuwa umadzipangira ukamakumana ndi mpweya, chinyezi ndi timadzi ta m'manja kwa zaka zambiri, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amagula kakhungu kameneka. Nazi zomwe ndakhala ndikuchita kuyambira tsikulo.

Yambani ndi kuyang'ana chomwe chawonongeka. Gwirani ndalama m'mbali mwake, osati pankhope, muipendeketse pansi pa tochi ya foni m'chipinda chamdima. Mukaona timizere tambirimbiri tolowera kumodzi, dziwani kuti waya kapena mchenga unadya chitsulo. Timizere timeneto sitichoka tokha. Mtundu ubwerera, koma chitsulo chomwe chinachoka sichimeranso. Ngati inangoviikidwa mu ndimu kapena viniga popanda kukwecha, muli ndi mwayi.

Dziwaninso kuti ndalamayo ndi ya chitsulo chanji, chifukwa sizida mofanana. Makobidi a njovu, mahafupeni a nyamalikiti, ndi 1 ngwee ndi 2 ngwee za 1968 ndi zamkuwa, ndipo ndizo zimamva msanga. Zoyera zija, 5, 10 ndi 20 ngwee, muli mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Zimenezi ndi nkhutukumve, zimatha chaka zikuoneka chimodzimodzi. Mu tiki (kandalama ka mapeni atatu) ndi sheleni za Southern Rhodesia za 1946 kubwerera m'mbuyo muli siliva. Khalani ndi maginito pafupi: 1 ngwee ndi 2 ngwee za 1983 zimamata, chifukwa m'kati ndi chitsulo wamba chongokutidwa mkuwa. Zotere musaziviike nthawi yaitali, zimachita dzimbiri.

Kenako chotsani zotsalira za chotsukira chija. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndiye ndalama imadzada mwamathothomathotho. Phulusa, Brasso kapena mankhwala otsukira mano zimabisala m'zilembo ndi m'mphepete mwa chibowo. Ine ndimaviika ndalama m'madzi aja othira mu batire ya galimoto kwa tsiku limodzi. Werengani botolo bwinobwino, akhale madzi okha, osati asidi. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amasiya mawanga oyera. Ikauma ndimaiika mu acetone weniweni (mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta), m'kabotolo kagalasi kotseka, kwa mphindi zochepa, kuti mafuta ndi phula zichoke. Uja wochotsera utoto wa m'zikhadabo musamuyese, muli mafuta onunkhiritsa. Chitirani panja, kutali ndi mbaula, chifukwa acetone amayaka msanga kuposa palafini. Poumitsa, ingoikani pakansalu koyera ka thonje. Osapukuta.

Tsopano ntchito yeniyeni, yomwe ndi kudikira. Ndimatenga envulopu ya khaki, ndikuidula timatumba ting'onoting'ono, ndalama iliyonse m'kathumba kake. Pepala la khaki limakhala ndi kasulufule pang'ono, ndipo ndi kameneka kamadetsa mkuwa ndi siliva mwapang'onopang'ono, monga mmene zinadera poyamba. Pakathumba ndimalembapo ndi pensulo tsiku lomwe ndaikamo. Timatumbato ndimatiika pazenera loyang'ana ku phiri la Kanjala, pomwe pamafunda masana, ndipo Lamlungu lililonse pochoka kutchalitchi ndimatembenuza. Mukaiwala kutembenuza, mbali imodzi imathamanga inzake n'kutsala.

Nyengo ili ndi mbali yake. Ine ndimayamba mu Meyi mvula itatha, n'kusiya mpaka dzuwa la Okutobala lidutse. Mitambo ikangoyamba kusonkhana, zonse ndimalowetsa m'kabati, pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato. Chaka choyamba ndinasiya makobidi atatu pazenera mpaka nthawi ya Nc'wala, mu Febuluwale, ndipo limodzi linamera timadontho tobiriwira pamsana pa njovu. Kubiriwirako ndi matenda, kumadya mkuwa n'kusiya mabowo. Timapepala tapulasitiki tofewa tosungiramo zithunzi natonso timayambitsa zobiriwira zomata; musasungiremo ndalama.

Makobidi anga anayamba kusintha patatha miyezi ngati inayi: kutuwa kuja kunachoka, kukubwera kufiira kwa njerwa yowotcha. M'chaka chachiwiri ndi pamene anafika pa mtundu wa tiyi. Masheleni a 1964 mpaka lero angozizira kuwala basi.

Pali njira ina ya ndalama zotha kale, zosadula: kuiyenda nayo m'thumba la buluku limodzi ndi ndalama zina kwa miyezi ingapo. Timizere ta waya timafafanizika, nkhope imaoneka ngati ya ndalama yomwe yagula mandasi zaka zambiri. Koma imadyekanso. Ndinachita ndi 2 ngwee imodzi, nthenga za chiwombankhanga cha pandalamayo zinasalala. Ndalama yomwe zilembo zake zikadali zakuthwa musaichite zimenezi.

Pa YouTube mudzaona anthu akutsekera ndalama m'chikho ndi dzira lowiritsa lophwanya, ena akuiwambitsa pamoto. Zoona, imada m'mphindi zochepa. Ndinayesa dzira pa tiki yasiliva, inatuluka ya buluu ndi pepo ngati khosi la nkhunda, mtundu womwe sunapezekepo m'kachitini ka bambo. Wodziwa amauzindikira ali chapatali, chifukwa umakhala pamwamba ngati wopaka, pomwe wachilengedwe umayambira m'mphepete ndi m'zilembo, malo otumphuka n'kukhala owalirako. Polishi wa nsapato ndi mafuta ophikira ndiye musayandikire n'komwe. Mafuta amavunda n'kumata fumbi.

Mukadzafuna kugulitsa, nenani kuti ndalamayo inatsukidwapo. Wogula wodziwa amayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu, timizere adzationa ndithu, ndipo akakugwirani bodza pa khobidi limodzi sakhulupiriranso zotsalazo. Mtengo umatsika, koma khobidi lodera bwino limaposa lotuwa lija.

Mwana uja tsopano ndiye amatembenuza timatumba ine ndikapita ku Katete. Sabata yatha anabwera ndi khobidi la 1962 lomwe anapatsidwa ndi agogo ake a ku Mchini, lakuda bii, atalikulunga m'pepala la m'kope. Analigwira m'mbali pondipatsa.