Kufunika kosiya mitengo youma podula nkhalango za taiga

Mwini nkhalango ku Sweden kapena ku Finland akamakolola mitengo ya paini ndi spruce, asamayeretse malo onse ngati munda wa chimanga. M'nkhalango za taiga, zomwe zazungulira kumpoto kwa dziko lapansi kuyambira ku Canada mpaka ku Siberia, nthaka imakhala yozizira kwa miyezi yambiri, kotero chipika chogwa chimatenga zaka makumi angapo chisanawoleretu, ndipo nthawi yonseyo chimakhala nyumba ndi chakudya cha zamoyo zambiri.

Mukasenda khungwa la chipika chotere mudzapeza ulusi woyera wa bowa utayanga mkati, mphutsi zitaboola tinjira, ndipo pamwamba pake timbande ta spruce titamera pamalo pomwe udzu sungatipanikize. Ku Finland, mitundu ya zamoyo yoposa 4,000 imadalira mitengo yakufa, koma nkhalango zodulidwa kawirikawiri zili ndi mitengo yotere yochepa kwambiri poyerekeza ndi nkhalango zachilengedwe. N'chifukwa chake gogomole wamsana woyera watsala pang'ono kutha ku Sweden.

Musanayambe kudula, yendani m'nkhalangomo ndi kuika zizindikiro pa mitengo yoti itsale, makamaka ya aspen ndi birch yokalamba, yomwe mbalame zimaboolamo zisa. Isiyeni m'magulu, chifukwa mtengo wotsala wokha pabwalo umazulidwa ndi mphepo msanga. Mitengo ina idulidwe pamtunda wa mamita atatu kapena anayi kuti zitsa zazitali ziumire chiimire. Mtengo wa paini wouma wotuwa, umene anthu a ku Finland amautcha kelo, usakhudzidwe konse, pakuti ukhoza kuima zaka zoposa 100 ndipo palibe njira yachangu yopezera wina. Woyendetsa makina auzidwenso kuti asaponde zipika zakale.

Pali chenjezo limodzi. Mitengo ya spruce yogwa kumene ndi mphepo ikachuluka, imaswetsa tizilombo tofukula makungwa tomwe timapha mitengo yamoyo, choncho yambiri mwa iyo ichotsedwe tizilomboto tisanauluke m'nyengo yofunda. Yakale youma kale ilibe vuto limeneli.

Lamulo la nkhalango la ku Sweden, lomwe linakonzedwanso mu 1993, limati kusamala chilengedwe n'kofunika mofanana ndi kupeza matabwa, ndipo mlangizi wa m'dera lanu angakuthandizeni kusankha mitengo yoti itsale makina asanalowe.