Musanagule thanki ina: momwe mungayezere presha ya madzi pakhomo panu

Mnansi wanga anatopa ndi shawa yomwe inkangodontha ngati denga lakale la udzu. Anagulitsa thanki yake ya malita 1,000, nagula ya malita 5,000 n'kuikhazika pa nsanja yomweyo. Atatsegula shawa, madzi anasintha pang'ono chabe, ndalama zitapita kale. Cholakwika chake ndi chomwe ambirife timalakwitsa: kuganiza kuti madzi akachuluka, presha imachulukanso. Presha imachokera ku kutalika, kutanthauza mtunda wolunjika m'mwamba kuchokera pa mpopi kukafika pamwamba pa madzi a m'thanki. Kukula kwa mimba ya thanki kulibe nazo ntchito. Katswiri wina dzina lake Simon Stevin anazifotokoza kale mu 1586, koma mpaka lero anthu timazikayikira mpaka titaluza ndalama.

Choyamba, sungani manambala awiri m'mutu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndipo mamita 10 a kutalika kwa madzi amapereka presha ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa presha), choncho mita iliyonse ndi 0.1 bar. Akuluakulu a zomangamanga amati mita imodzi ndi makilopaskali 9.81, dzina lochokera kwa Blaise Pascal wa ku France, koma pakhomo 0.1 bar ija ikukwanirani.

Chachiwiri, yezani kutalika, ndipo apa m'pamene pamafunika kudekha. Musayeze kuchokera pansi pa dothi. Yezani kuchokera pomwe madzi amatulukira, monga pa mutu wa shawa, kukafika pomwe paipi imatulukira mu thanki. Mukatero mudziwa presha ya tsiku loipa, thanki itatsala pang'ono kuuma. Tiyerekeze kuti nsanja yanu ndi ya mamita 4 ndipo mutu wa shawa uli mamita 2 kuchokera pansi. Mwatsala ndi mamita 2, omwe ndi 0.2 bar basi. Mpopi wa kukhitchini womwe uli mita imodzi kuchokera pansi ukupeza 0.3 bar, ndipo wa panja pafupi ndi dothi ukuposa onse. N'chifukwa chake wochapa panja amasangalala pomwe wosamba m'bafa akung'ung'udza, madzi ali a thanki imodzi.

Ngati malo anu ndi otsetsereka, tepi yokha ikunamizani. Bwerekani paipi yopyapyala yoonekera mkati, ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Thiranimo madzi, chotsani thovu lonse la mpweya, mnzanu agwire mbali ina pa mwendo wa nsanja, inu mugwire ina pakhoma la bafa. Madzi akakhazikika, amaima pa msinkhu wofanana mbali zonse ziwiri. Lembani ndi choko malo awiriwo, kenako yezani ndi tepi kuchokera pa zizindikirozo. Chida chotchipa chimenechi sichinama, bola thovu lisatsalemo.

Chachitatu, onani zomwe mapaipi akudya. Masamu a pamwambawa ndi a madzi ongokhala, mpopi uli wotseka. Mukangotsegula, madzi amakhudzana ndi makoma a paipi ndipo gawo la presha limathera m'njira. Paipi yaing'ono, yaitali komanso yokhotakhota imadya kwambiri. Tsikani kuchokera ku thanki ndi paipi ya mamilimita 25 kapena 32, ndipo ya hafu inchi muiyambire pafupi ndi mpopi. Uzani pulambala wanu achepetse maelibo, tizipangizo tija tolumikizira mapaipi pokhota. Kuti mudziwe ngati mwapindula, ikani ndowa ya malita 20 pansi pa mpopi, muwerenge nthawi pa foni musanasinthe mapaipi komanso mutasintha. Musaiwale kumasula mutu wa shawa n'kutokosa timabowo take. Nthawi zina vuto lonse limakhala laimu amene waundana mmenemo, makamaka ngati madzi ndi a m'jigo.

Chachinayi, musakweze nsanja mwachisawawa. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5, ndipo katundu wotere pamwamba pa zitsulo zowotcherera mothamanga ndi ngozi yodikira tsiku. Funani mmisiri wodziwa kuwerengetsa zitsulo ndi maziko. Ngati kukweza kukudula, siyani thanki pomwe ili mugule kapampu kowonjezera presha, ngakhale kameneka kamagona magetsi akathima. Omanga thanki ya njerwa kapena simenti akumbukire kuti madzi amakankha kwambiri kumunsi, ndipo amakankhira mbali zonse, osati pansi pokha. Kumunsiko ndi komwe khoma limayambira kudontha. Khoma la damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi lotalika mamita 128, ndipo kumunsi kwake n'kochindikala kuposa pamwamba pa chifukwa chomwechi.

Chomaliza ndi cha anthu okhala m'munsi mwa phiri, omwe vuto lawo ndi presha yopitirira. Ngati thanki kapena kasupe ali mamita 80 pamwamba pa dimba lanu, paipi ya kumunsi ikusenza 8 bar mpopi ukatsekedwa. Werengani zolembedwa pa paipi musanagule: Class 6 imapirira 6 bar, omwe ndi mamita 60, Class 10 imapirira mamita 100. Mukaika Class 6 pa mamita 80, muzikhalira kukumba ndi kumanga mphira. Mipopi ya m'midzi yomwe madzi ake amangotsika okha kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Zomba imathana ndi vutoli pomanga timathanki pakati pa njira. Madzi akalowa m'kathanki kotereka n'kukumana ndi mpweya, presha yonse ya kumtunda imatha, ndipo kuwerenga mamita kumayambiranso pomwepo. Pa mtunda wa mamita 80, kathanki kamodzi pakati kamagawa ulendo kukhala mamita 40 ndi 40, ndipo Class 6 yotchipa ija imagwira ntchito popanda kuphulika.