Kusamba madzi otentha mu Juni muno, samalani izi

Chiperoni chikangoyamba aliyense amafuna madzi amoto, kaya ku Dedza kaya ku Mzuzu, nde tamverani abale chifukwa ngozi zake ndi zenizeni.

Choyamba mu beseni thirani ozizira kenako otentha, osayamba ndi owira ayi. Mwana wokwawa amangofika n'kugwira ndowa inu mukukatenga sopo, khungu lake ndi lopyapyala limawauka pompopompo. Yesani ndi chigongono, madzi a khanda azikhala ofunda chabe, madigiri 37 kapena 38 basi.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi mbaula. Ena amalowa nayo mubafa kuti muzifunda n'kutseka chitseko ndi windo, makala aja amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, umangomva mutu kuwawa, tulo, chizungulire kenako wagwa ndipo apanja akuganiza ukusambabe. Chonde mbaula izitsala panja.

Agogo ndi onse a BP kapena mtima asakhalitse m'madzi otentha, amatsitsa kuthamanga kwa magazi nde podzuka adzuke pang'onopang'ono, chitseko asakhome ndi loko. Odwala shuga mapazi amachita dzanzi samva kupsa, wina awayesere madziwo. Mutamwa mowa dikirani kaye.

Wina akapsa thirani madzi ozizira pabalapo mphindi 20, osapaka Colgate, dzira kapena mafuta ophikira, matuza osaboola. Likakhala bala lalikulu, lakumaso, kapena wapsayo ndi mwana, thamangirani naye kuchipatala.