Mukufuna sisitimu ya pachipatala panu ipate mphoto? Yambani mwawerenga mzere

Anzanga a IT m'zipatala muno mu Lilongwe, makalaliki a data, ndi inu manesi amene munatopa ndi kaundula wa pepala mpaka munadzikonzera kenakake pa kompyuta, nkhani iyi ndi yanu. A ICTAM, bungwe la akatswiri a ICT m'Malawi muno, amapereka mphoto kwa anthu ochita zaluso pa tekinoloje, ku America nakonso kuli HIMSS Davies Award yopita kwa zipatala zogwiritsa bwino ntchito makompyuta, koma ambirife tikangomva za mphoto timathamangira kukongoletsa ma slide basi. Oweruza alibe nazo ntchito zoti pulogalamu yanu ili ndi mabatani angati, iwo akufuna umboni woti wodwala wathandizika. Ine ndinayesapo kamodzi, ndinaima kutsogolo n'kunena monyadira kuti mzere wachepa pachipatala pathu, mayi wina mwa oweruzawo anangofunsa kuti wachepa ndi mphindi zingati, ndinangoti kakasi.

Nde choyamba, musanalumikize kompyuta ngakhale imodzi, tengani kope ndi wotchi mukakhale pa OPD m'mamawa. Lembani nthawi imene munthu wafika pa benchi ndi nthawi imene walandira mankhwala ku famase, anthu 20 kapena 30 pa tsiku akukwana, chitani zimenezi kwa masabata awiri ndipo Lolemba lisakuphonyeni chifukwa ndi tsiku limene mzere umafika mpaka panja. Werenganinso mafayilo amene asowa pa sabata, zotsatira za ku labu zimene sizinabwerere ku wodi, komanso masiku amene lipoti la pamwezi limachedwa kulowa mu DHIS2, sisitimu imene unduna umasonkhanitsira malipoti a zipatala. Manambala amenewa ndi amene mudzafanizire pakatha miyezi 6 sisitimu ikugwira ntchito, ndipo mudzayeze mofanana, malo omwewo, masiku omwewo. Osati poyamba munayeza Lolemba kenako mukayeze Lachisanu masana anthu atatha n'kumati taonani kusintha, amakugwirani pompo. Ngati munaika kale sisitimu musanayeze, pitani ku sitolo ya chipatala mukafukule makaundula akale, fumbi lake ndi losasimbika koma madeti alimo.

Chachiwiri sankhani vuto limodzi lokha loti mungalitchule m'mpweya umodzi. Taonani mmene a Baobab Health, bungwe limene linkapanga masisitimu a m'zipatala, anayambira pa Kamuzu Central mu 2001, sanayambe ndi kufuna kusintha chipatala chonse ayi, anayamba ndi kulembetsa odwala pakhomo. Munthu amapatsidwa nambala yake, makina amasindikiza sitika ya barcode n'kumata pa kabuku ka kuchipatala, akabweranso amangoti tii pa sikana dzina latuluka, osayambanso kufunsana kuti Chimwemwe wake uti, wa kwa mfumu yani. Anasankha touchscreen chifukwa ogwira ntchito ambiri nthawi imeneyo anali asanagwirepo keyboard, ndipo kuchokera pamenepo mpamene zinafalikira ku makiliniki a ma ARV ngati Lighthouse. Chipatala Cha Pa Foni nachonso chinayamba pang'onopang'ono ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, amayi kuimba foni kufunsa za pakati ndi za ana, pano 54747 ndi nambala ya dziko lonse ndipo ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Yanunso izimveka chonchi, mpaka agogo anu ku Mitundu athe kuifotokoza kwa anzawo.

Tsopano nkhani ya magetsi ndi netiweki, apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ambiri amabisa. Aliyense amene akukuweruzani ngati ndi wa konkuno akudziwa kuti magetsi amathima, nde mukalemba kuti sisitimu yanu sinaimepo ngakhale tsiku limodzi amadziwiratu kuti mukunama. Bola khalani ndi kope lolembamo tsiku lililonse limene inaima, inaima maola angati, chifukwa chake chinali chani, batire, rauta kapena bandulo inatha, ndiye munachitapo chani. Fotokozani kuti magetsi akapita nesi amatani, amabwerera pa pepala? Nanga zimene walemba pa pepalazo amazilowetsa ndani magetsi akabwera, nthawi yanji? Ngati seva yanu ili pachipatala pomwepo ndipo imagwira popanda intaneti, n'kumatumiza data netiweki ikabwera, nenani mokweza, kwa ine chimenecho ndi luso lenileni kuposa ma dashboard a mitundumitundu aja. Ndipo chonde ngati manesi akulemba kawiri, mu kaundula ndi pa kompyuta, musabise, nenani kuti mudzasiya liti, paja nesi wa naiti amene ali yekha ndi odwala 40 akapanikizika chimene amayamba kusiya ndi kompyuta yanuyo.

Chilolezo musaiwale. Kalata ya bwana DHO kapena mkulu wa chipatala ikhalepo, ndipo a Digital Health Division ku unduna adziwe zimene mukuchita, aonenso kuti data yanu imatha kulowa mu DHIS2 osati kukhala payokha ngati kachilumba. Pa zithunzi za sikirini musaonetse dzina lenileni la wodwala, nambala ya foni kapena zoti ali ndi HIV, pangani odwala ongopeka oti muzionetsera. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 tsopano, komanso Lilongwe ndi yaing'ono abale, slide imodzi yokha munthu mu holo akhoza kuzindikira dzina la mlamu wake. Ngati mukufuna manambalawo adzatuluke ngati kafukufuku, dzerani kaye ku NHSRC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo.

Polemba fomu yeniyeniyo musachulutse gaga m'diwa. Vuto linali chani, munachita chani, manambala a poyamba ndi a pano, zinadya makwacha angati, ndipo dona akanyamuka adzagule mapepala a sitika ndi mabatire ndani. Funso lomalizali limagwetsa anthu ambiri, likonzekereni ndi a akawunti. Jambulani kavidiyo ka mphindi ziwiri pa foni, koma wolankhula asakhale inu, akhale sista wa mu wodi kapena kalaliki wa pa windo akugwiritsa ntchito chinthucho pamalo pake, phokoso la pachipatala likumveka chapatali zilibe kanthu bola nkhope za odwala zisaoneke. Maina a onse amene anagwirapo ntchito alembedwe, ndinaonapo sisitimu yabwinobwino ikufa pachipatala china chifukwa munthu mmodzi anakalandira yekha chikho n'kukachiika kunyumba kwake, manesi anangoti aziigwiritsa ntchito yekha mwini wakeyo.

Tsiku lokaonetsa, laputopu ikhale yotchaja mpaka kudzadza, sisitimu ikhale yoti itsegule popanda intaneti, musadalire Wi-Fi ya pa hotela. Kope lija munalemba pa benchi ya OPD litengeninso mu chikwama, lomwelo lothimbirira lija, wina akafunsa za mphindi mungolitsegula.