Kandalama koonjezera pamwezi, mukapange nako chani?

Tinene kuti mwezi uliwonse payamba kubwera K50,000 yomwe kale kunalibe. Kaya abwana akweza salale, kaya mwamaliza kubweza loni, kaya achimwene a ku Joni ayamba kumatumiza kangachepe. Ndalamayi ndi imodzimodzi koma ntchito yake ndi yosiyana, kwa mayi ogulitsa mandasi ku Ndirande 50 pin ikhoza kusintha kadyedwe ka pakhomo ponse, pomwe kwa bwana wa ku Area 47 ndi ya mafuta a galimoto masiku ochepa basi. Ndiye musanayambe kuganiza zogula, yambani mwafufuza pomwe ndalama yanu imadonthera mwezi ndi mwezi, poti aliyense ali napo pake, ndipo yoonjezerayo ipite pamenepo kaye.

Tiyambe ndi ife odya zomwe tapeza tsikulo, aganyu, akabaza, ogulitsa tomato pa benchi, alonda, ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Kuno ndalama imathera pa kugula zinthu pang'onopang'ono. Ufa wa wokumani, mafuta ophikira oyeza m'kachubu, shuga wa m'kapepala, makala a m'kajumbo, tsiku lililonse zimaoneka ngati zotchipa koma mukawerengera mwezi wonse mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa munthu amene wagula thumba lathunthu. Ndiye ndalama yoonjezera ikabwera siyani kaye maloto a foni yatsopano, gulani zinthu zija mochulukirapo kamodzi. Makamaka chimanga. Miyezi ya Meyi ndi Juni anthu atangokolola mtengo umakhala pansi, ikafika Januwale ndi Febuluwale aliyense akudziwa mmene zimakhalira pamsika, ndiye ngati mungaunjike ya miyezi ingapo n'kugula matumba a 50kg nthawi yokolola mwapulumutsa banja. Koma chiumitseni bwinobwino, thirani mankhwala ngati Actellic kapena sungani m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, apo ayi mukhala mwagulira anankafumbwe.

Ngati pali katapila, iwalani kaye zonse ndanenazi. Akatapila ambiri amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ena kuwirikiza kumene, palibe geni yomwe ingakupatseni phindu lothamanga choncho. Bwezani, tengani ATM kadi yanu kapena mbaula yomwe munasiya chikole, kenako muzibwera ku zinazi.

Kumudzi nkhani yaikulu ndi feteleza ndi mbewu, ndipo musadalire kuti dzina lanu lituluka pa pulogalamu ya boma ya feteleza otsika mtengo, muziika kangachepe pambali kuyambira nthawi yokolola kuti mvula ikamayamba musakalime ganyu m'munda mwa eni wanu ukumera tchire. Yotsala gulani nkhuku zachikuda, zikaswana mugulitse zina mugule mbuzi, ndi zomwe mabanja ambiri olandira Mtukula Pakhomo amachita ndipo zimathandiza pa tsiku la matenda. Osaiwala katemera wa chitopa uja odonthezera m'diso, ndi otchipa kwambiri poyerekeza ndi kutaya khola lonse sabata imodzi. A geni inu onjezerani mpamba kuti muzikaoda zambiri pa ulendo umodzi, transipoti ndi yomweyo olo mutenge basiketi imodzi kapena atatu.

Tsopano apakatikati, aphunzitsi, anesi, apolisi, akalaliki, anthu oti salale ilipo koma ikafika pa 10 yatha kalekale. Apa bowo lake nthawi zambiri ndi ngongole, payslip yadzaza ndi ma deduction, kwinaku kuli ka loni ka pa foni, kwinaku mwatenga nsapato za pangongole kwa mnzanu wa ku ofesi. Lembani zonse papepala, iliyonse ndi chiwongoladzanja chake, ndiye yoonjezerayo muziiponya pa yomwe ikuluma kwambiri mpaka ithe, kenako ina. Sizosangalatsa ayi, palibe chomwe mungajambule n'kuika pa status, koma ngongole imodzi ikatha ndalama yomwe inkapita kumeneko imakhalanso yoonjezera ina.

Zikatero pangani thumba la zadzidzidzi. Kwathu kuno zadzidzidzi si zadzidzidzi kwenikweni, maliro adzabwera, mwana adzadwala usiku, mayi kumudzi adzaimba kuti denga lasasuka, komanso ma bridal shower ndi perekaniperekani wa Loweruka lililonse nyengo ya maukwati (izi nde mukhoza kukana zina, simungavine paliponse). Ndalama imeneyi isakhale pa Airtel Money kapena Mpamba ya nambala yomwe mumagulira bandulo, itha osadziwa kuti yatha bwanji. Ikhale poti kuitenga mpaka muvale nsapato.

Poika pake pali njira zingapo ndipo zimasiyana. Chipereganyu ndi chabwino mukafuna kugula chinthu chimodzi chachikulu ngati firiji kapena matilesi, koma ndalama siiswana, mumangolandira zomwe munasonkha, ndipo olandira kumapeto ndi amene amadandaula zinthu zikakwera mtengo. Banki m'khonde imaswana ndithu poti mumabwereketsana pa chiwongoladzanja n'kugawana kumapeto a chaka, nthawi zambiri Disembala, koma lowani gulu la anthu odziwana lomwe lili ndi malamulo olembedwa komanso buku loti aliyense akhoza kuliona, ndipo musamabwereke chifukwa choti gulu likukakamiza kuti ndalama isagone, anthu ambiri alandidwa katundu wa m'nyumba chifukwa cha zimenezi. SACCO, bungwe la mamembala losungitsako ndi kubwerekako ndalama, ndiye ine ndimaikonda kwa munthu wapantchito, amadula ku salale musanaione, mumakhala ndi masheya, pakutha pa chaka pamabwera dividend (gawo lanu la phindu), ndipo ngongole yake imakhala yofewerapo. Ingofunsani ngati ili yolembetsedwa ku Reserve Bank of Malawi, zambiri zodziwika zili pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno.

Ofuna kumanga, musathamangire kugula simenti mwezi ndi mwezi, imauma ikakhalitsa. Yambani ndi puloti yoti mapepala mwawaona ndi maso anu ndipo mwafunsa ku khonsolo kapena ku Lands, osangokhulupirira kuti amfumu avomera, kenako malata ndi zitsulo zomwe sizionongeka, simenti mudzagule mmisiri atafika pamalo.

Nanga amene zawo zili bwino kale, lendi salipira, fizi ya ana ilipo, firiji ndi yodzaza? Mdani wanu ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, amene anangosiya mamiliyoni mu savings akaunti anadzuka ali ndi nambala yomweyo koma yogula zochepa. Ndiye yoonjezera yanu isagone. Pali ma Treasury bill (kubwereketsa boma ndalama n'kudzailandira ndi chiwongoladzanja) a masiku 91, 182 ndi 364 omwe mukhoza kugula kudzera ku banki yanu, pali ma unit trust (thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama, akatswiri n'kumaigwiritsa ntchito kuti iswane) ngati a Old Mutual oti mumangoikamo pang'onopang'ono mwezi uliwonse, palinso masheya pa Malawi Stock Exchange komwe kuli makampani ngati National Bank, Illovo, Airtel Malawi, TNM ndi Press Corporation, mumatsegula akaunti kudzera kwa stockbroker (kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya) basi. Masheya amakwera komanso amatsika, ikani ndalama yoti simuifuna chaka chino kapena chamawa. Zija za pa WhatsApp zoti ikani 100 pin mulandire 300 pakutha pa sabata, mubweretsenso anzanu awiri, thawani, kubetcha mpira nakonso si invesitimenti olo mutaidziwa bwanji Premier League.

Inu a gulu ili mulinso ndi msonkho wina wa achibale, foni siisiya kulira. Ikani mlingo wa pamwezi wothandizira kumudzi ndipo ukatha watha. Fizi ya mwana wa achemwali kalipireni nokha ku akaunti ya sukulu, makolo alowetseni pa medical scheme ngati MASM m'malo modikira kuti adwale muzithamanga ndi ndalama za m'thumba. Ndipo ngati muli ndi wantchito wa m'nyumba kapena mlonda amene malipiro ake sanasinthe chigwereni kwacha, gawo la yoonjezerayo ndi lake, musadikire kuti achite kupempha.

Kaya muli gulu liti, ichotseni tsiku lomwelo yalowa. Apantchito pitani ku banki mukasainire standing order yoti izipita yokha ku SACCO kapena ku akaunti ina, a geni perekani kwa msungichuma wa gulu tsiku lamsonkhano musanadutse pamsika. Mukaisiya miyezi iwiri itatu ikusakanikirana ndi ya ndiwo, pakhomo pazolowera soseji ndi yogati, kudzaichotsanso pamenepo ndi mkangano ndi ana komanso akunyumba.