Mpeni wa ku ulendo wa kutchire: musalipire kukongola, lipirani chitsulo

Amene akukonza zokagona pa Mulanje, ku Nyika kapena m'mbali mwa nyanja amakonda kuyamba ndi tenti ndi chofunda, mpeni n'kumaukumbukira tsiku lonyamuka. Akatero amangogula umene wawakopa maso pamsika: wautali ngati lupanga, wa mano kumsana, wonyezimira, mwina wokhala ndi kampasi kuchigumbu. Mipeni yotereyi ndi imene imabwerera kunyumba ili zidutswa ziwiri. Mpeni wodalirika kutchire ndi waung'ono, wosapinda, wachitsulo chimene munganole nokha pamwala, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi wotsika kuposa wa wonyezimira uja.

Yambani mwawerenga ntchito zimene mpeniwo ukagwire. Kudula anyezi ndi tomato, kutumbula nsomba, kudula chingwe, kusongola zikhomo za tenti, kupala timitengo toyatsira moto, kusenda mango kapena nzimbe. Zonsezi ndi ntchito za m'manja, zofuna kuti chala chizimva kumene nsonga ili. Kulambula njira, kudula nthambi zikuluzikulu ndi kuwaza nkhuni ndi ntchito za chikwanje ndi nkhwangwa, ndipo chikwanje chabwino chimapezeka pa sitolo iliyonse ya zipangizo za ulimi pa mtengo wochepa. Mpeni umodzi woti ugwire zonse palibe. Ukatalika kuti uzitema, umalephera kusenda. Ukakhuthala kuti usathyoke, umang'amba tomato m'malo momudula.

Muyezo wabwino ndi uwu: chitsulo chodulira chikhale chotalika masentimita 9 mpaka 12, kukhuthala kwake mamilimita 2 mpaka 3 ndi pang'ono. Kupitirira mamilimita 4 ndiye kuti mwanyamula chitsulo chong'ambira zipika, osati mpeni. Ngati mulibe chopimira, tambasulani dzanja: chitsulocho chifanane ndi mulifupi mwa chikhatho chanu n'kupitirira pang'ono. Chigumbu nacho chidzaze dzanja lonse, chala chaching'ono chisalendewere kunja.

Chimene chimasiyanitsa mpeni wolimba ndi wonyenga chimabisika mkati mwa chigumbu. Chitsulo cha mpeni chili ndi mchira umene umalowa m'chigumbumo. Pa mipeni ina mchirawo ndi wofanana ndi chigumbu mulitali ndi mulifupi, mumauona m'mbali monse utapanidwa ndi timatabwa tiwiri ndi misomali yokhomerera. Ogulitsa amautcha full tang, ndipo ndiwo wolimba koposa. Pa ina mchira ndi wopyapyala, wobisika m'pulasitiki kapena mumtengo. Umenewu si woipa ngati walowa kupitirira theka la chigumbu. Woopsa ndi wa mchira waufupi wa masentimita awiri kapena atatu, womatidwa ndi guluu kapena womangidwa ndi kabawuti kamodzi. Mipeni ya chigumbu chamgodi, yosungiramo machesi ndi mbedza, yotchipa yambiri ndi yotero: mgodiwo watenga malo amene mchira ukanadutsa, choncho mukaupotoza mumtengo umaguluka polumikizira. Popita kokagula tengani kamaginito, ngakhale ka sipika yakale ya wailesi. Kayendetseni pachigumbu cha pulasitiki kuchokera kuchitsulo kupita kumapeto. Pamene kasiyira kukoka ndi pamene mchira wathera.

Tsopano za chitsulo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezedwa ndi zilembo. Pali magulu awiri. Chitsulo cha kaboni, monga cholembedwa 1095, 1075 kapena 1055, chimanoleka msanga ngakhale pamwala wa kudambo ndipo chimathwa kwambiri, koma chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha mukachisiya chonyowa. Chitsulo cha stainless chili ndi chromium wochuluka, kuyambira pafupifupi magawo 11 pa 100 aliwonse, ndipo iyeyu ndi amene amatchinga dzimbiri. Pa mipeni yotchipa koma yabwino mupeza zilembo monga 12C27, 420HC kapena 8Cr13MoV. Mukaona pangolembedwa mawu oti stainless steel popanda nambala kapena dzina la wopanga, kayikirani. Kawirikawiri chimakhala chofewa, chimabuntha mutangodula zingwe zochepa, ndipo ponola mlomo wake umangopindikira uku ndi uku osathwa.

Kusankha pakati pa ziwirizi kudalire kumene mukupita. Kunyanja, kumene mpeni ukhalira m'mamba a nsomba ndi m'madzi, ndi pa Mulanje nthawi ya chiperoni pamene chilichonse chimakhala chachinyezi, stainless ikupulumutsani ku ntchito yambiri. Kumalo ouma, kapena ngati ndinu munthu wopukuta zida zanu mukangomaliza ntchito, kaboni ndi wokoma kugwiritsa ntchito. Kulimba kwa chitsulo amakupima ndi muyezo wa Rockwell, wolembedwa HRC, ndipo mpeni wa kutchire uzikhala pakati pa 56 ndi 60. Kutsika apo ndi wofewa. Kukwera kwambiri umavuta kunola ndipo umabenthuka ukagunda fupa kapena mfundo ya mtengo. Zitsulo zodula zimene amazitamanda kuti zimakhala miyezi osabuntha zimafuna mwala wa dayamondi, ndipo zikabunthira pakati pa phiri simuchita nazo kanthu.

Mayina angapo ndi oyenera kuwadziwa. Morakniv, imene ambiri amangoti Mora, imapangidwa m'tauni ya Mora ku Sweden. Mtundu wake wa Companion uli ndi chitsulo cha masentimita pafupifupi 10, chigumbu cha labala chosaterera ndi chimake chapulasitiki, umapezeka wa kaboni komanso wa stainless, ndipo m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America mtengo wake nthawi zambiri sufika madola 25. Mchira wake ndi wobisika koma ndi wautali mokwanira ntchito zonse tatchula zija. Wofuna wokhuthala pali Companion Heavy Duty wa mamilimita 3.2. Amene ali ndi mbale ku Johannesburg kapena ku London angachite bwino kuitanitsa umenewu kusiyana ndi kugula mipeni itatu yopanda dzina.

Pa yopinda, Opinel ya ku France, imene inayamba kupangidwa mu 1890, ndi yopepuka ndi yothwa. Nambala 8 ili ndi chitsulo cha masentimita 8.5 ndi mphete yozungulitsa yotsekera. Vuto lake ndi chigumbu chamtengo: chikanyowa chimafufuma n'kugwira chitsulo mwakuti kutsegula kumavuta, ndiye mumagogoda nsonga ya chigumbu pa chinthu cholimba kuti chitsulo chisuzumire. Okapi, amene anthu a kuno kum'mwera kwa Africa amaudziwa kuyambira kale, anayambira ku Solingen ku Germany mu 1902 ndipo kuyambira 1988 amapangidwa ku South Africa. Ndi wotchipa, chitsulo chake n'chosavuta kunola, koma amabwera wosathwa kwenikweni, ndipo oyerekeza ake achuluka. Victorinox ya ku Switzerland, ija yofiira, ndi yothandiza ndi kasowo kake ndi chotsegulira zitini. Yonseyi ndi yabwino ngati mpeni wachiwiri wa m'thumba. Isakhale yodalira pa ntchito yolemera, chifukwa mpeni wopinda uli ndi kamsomali kamodzi kozungulirapo, ndipo mphamvu yonse imathera pamenepo. Mchenga ndi magazi a nsomba zimalowanso m'malo opindirawo n'kumanunkha.

Tisaiwale osula. Mpeni wosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto ukhoza kuposa wa m'sitolo, chifukwa chitsulo chimenecho chinapangidwa kuti chizipirira kupindika. Zonse zimadalira mmene wosulayo anachikhwimitsira. Tengani tupa mukwechese pang'ono pafupi ndi kuthwa. Ngati tupa likudya chitsulo mosavuta ngati likupala msomali, sanachikhwimitse, ndipo mudzanola tsiku lililonse. Ngati likungoterera ngati pagalasi osagwira n'komwe, chauma mopitirira ndipo chingathe kubenthuka. Chabwino ndi chimene tupa likuchigwira pang'ono movutikira. Onetsetsaninso ming'alu yopyapyala ngati tsitsi pafupi ndi chigumbu. Mpeni wa mng'alu wotere usiyeni ngakhale atautsitsa mtengo. Muuzeni wosulayo muyezo mwa masentimita, apo ayi akupangirani wautali poganiza kuti akukukomerani mtima.

Musanalipire, uyang'anitseni mpeniwo kuchokera kuchigumbu kuloza kunsonga ngati mukuchalira mfuti: ukhale woongoka, kuthwa kuli pakati penipeni. Gwirani chitsulo ndi nsalu n'kuchigwedeza. Chikamveka kusewera m'chigumbu, ubwezeni. Nyowetsani dzanja muone ngati chigumbu chikuterera, ndipo pakhale kotchinga kapena kokhumba pang'ono kuti chala chisatsetserekere kokuthwa pobaya. Zigumbu zokhala ndi mipata ya zala yosemedweratu zimaoneka bwino, koma zimatulutsa matuza mukasema kwa theka la ola, chifukwa posema dzanja limasinthasintha kagwiridwe. Mano a sowo kumsana ndi okongoletsa chabe. Amakulepheretsani kukanikiza ndi chala chachikulu. Msana wabwino ndi wosalala, wa ngodya yakuthwa ngati m'mphepete mwa njerwa, woti mungapalire nawo makungwa ouma kapena kuthethetsa moto pa kandodo koyatsira ka ferro. Mipeni ina, kuphatikizapo Companion, imabwera ndi msana wosalazidwa wosathetheka moto. Kuukonza ndi kungoupala ndi tupa mphindi zochepa.

Chimake musachipeputse, chifukwa anthu amavulalanso ndi mpeni umene waboola chikwama, osati umene uli m'manja wokha. Lowetsani mpeni, tembenuzani chimake chozondoka pamwamba pa tebulo, gwedezani pang'ono. Usagwe. Chimake cha nsalu yopyapyala chopanda pulasitiki mkati chimabooka msanga. Chachikopa n'chabwino ngati pakati pa msoko anaikapo kalamba kachitatu koteteza ulusi kuti usadulidwe, koma chikopa chimasunga chinyezi, choncho kunyumba mpeni wa kaboni muzisunga kunja kwa chimake. Ngati mpeni ndi wabwino koma chimake n'chachabechabe, paipi ya pulasitiki ya madzi yofewetsedwa pamakala n'kupanidwa pakati pa matabwa awiri imapanga chimake cholimba.

Pa ndalama zimene mwakonza, siyani gawo la chonolera. Mwala wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, ukukwana. Popanda mwala, matani sandipepa ya nambala 400 ndi ya 1000 pa thabwa losalala kapena pa galasi. Mipeni yambiri imanoledwa pa madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse: imikani chitsulo chilili pamwala, chipendekeni theka, chipendekeninso theka, n'kutsitsa pang'ono. Ya mtundu wa Mora ndi yosavuta kuposa apa, chifukwa mbali iliyonse ya chitsulo ili ndi malo amodzi otakata otsetsereka mpaka kokuthwa. Mumangoigoneka pamwala mbali yotsetserekayo n'kukankha. Kuti mudziwe ngati mukunola pamalo pake, pakani inki ya cholembera chachikulu m'mphepete monse. Inki ikachoka mpaka kumlomo ndiye kuti ngodya ili bwino, ikatsala kumlomo ndiye kuti mukungopala phewa. Nolani mbali imodzi mpaka chala chimve kamlomo kopindikira kutsidya, kuyambira kuchigumbu mpaka kunsonga, kenako tembenuzani. Amene amasiya kamlomoko kasanatuluke ndi amene amadandaula kuti mpeni wawo sukuthwa. Malizani pa lamba wachikopa wakale, mukukokera chammbuyo, kakhumi mbali iliyonse. Kunsi kwa kapu yadothi, pamene sanapake utoto wonyezimira, kumathandiza mukakhala kutali ndi mwala.

Makina onolera amagetsi a pamsika ndi a makasu ndi zikwanje. Pa mpeni wopyapyala amatenthetsa mlomo, ndipo mukaona chitsulo chasanduka chabuluu dziwani kuti kukhwima kwachoka pamalopo. N'chimodzimodzi kutakasa makala ndi mpeni kapena kuwotcha nsonga kuti mubowolere pulasitiki.

Nkhuni zikanyowa, mkati mwake mumakhala mouma, ndipo mpeni wosapinda ungathe kung'amba timitengo kuti mupeze pouma poyatsira. Sankhani kamtengo kowongoka kopanda mfundo, kosaposa masentimita 5 kapena 6 kukula kwake, ikani mpeni pamwamba nsonga itatulukira kutsidya, ndipo menyani msana ndi chibonga chamtengo. Mwala kapena hamala zimaphwanya msana. Mpeni ukakanirira musaupotoze, semani chikhomo chamtengo muchikhomere mumng'alumo. Kumbukiraninso kuti m'nkhalango zotetezedwa ndi m'mapaki kudula mitengo yaiwisi n'koletsedwa, ndipo mkungudza wa pa Mulanje watsala wochepa kwambiri. Zikhomo ndi zoyatsira zichokere ku zouma zogwa zokha.

Posema, khalani pansi, zigongono pa mawondo, mpeni ukupita kutali ndi thupi. Musasemere pakati pa ntchafu, chifukwa mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi umene ukadulidwa kutali ndi chipatala munthu sachedwa kutha. Mukadzicheka, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, kwezani dzanja m'mwamba, tsukani ndi madzi abwino magazi akasiya, ndipo mukafika kuchipatala funsani za katemera wa kafumbata.

Mukamaliza ntchito tsukani, pukutani mpaka kuuma, pakani kadontho ka mafuta ophikira ngati muugwiritsanso ntchito mawa. Posunga miyezi pakani Vaseline, chifukwa mafuta ophikira amanata n'kuyamba fungo. Chitsulo cha kaboni chikada chotuwira mutadula mandimu kapena tomato musachikweche. Kuda kumeneko kumachedwetsa dzimbiri lofiira, ndipo ena amachita kukuyambitsa dala pokulunga chitsulo m'nsalu yoviikidwa mu viniga kwa theka la ola. Lofiira lokhakhala ndilo loti muchotse ndi phulusa lonyowa kapena sandipepa.

Paulendo mpeni ukhale pansi m'chikwama pamodzi ndi ziwiya zophikira, osati m'chiuno pokwera minibasi kapena polowa m'tauni. Pa ndege umapita m'katundu wopereka ku kauntala, osati wa m'manja. Amene ali ku Britain asamale kwambiri: kumeneko mpeni woyenda nawo popanda kufotokoza chifukwa ndi wopinda wokha, wosakhala ndi loko, wa chitsulo chosapitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.6. Mora, Okapi wa mphete ndi Opinel nambala 8 zonse zili kunja kwa malire amenewo, ndipo munthu amayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, monga kukhala pa ulendo weniweni wokagona kutchire, kuti apezeke nazo pagulu.